Manja a M'magazini

Mzime anadikira mpaka atamva mkonono wa amayi ake kuchipinda. Mankhwala awo odontheza m'maso ankawapweteketsa mutu, choncho m'mawa uliwonse akamwa tiyi ankakagonanso mpaka dzuwa litakwera. Apo m'pamene iye anatenga mkombero wopetera umene amayiwo anausiya pampando, n'kukakhala nawo pafupi ndi zenera.

Ntchito ya dzulo inali phiko la mbalame. Linayamba bwino paphewa, kenaka linasochera. Ulusi wobiriwira unalowa pamene pankafunika wofiirira, nthenga zinakwerana ngati anthu olimbirana khomo la basi, ndipo kumapeto ulusi unadumpha mzere wa pensulo n'kukathera pansalu yoyera pamene panalibe mbalame iliyonse. Mzime anatenga kasizasi kosongoka n'kuyamba kumasula. Tizidutswa ta ulusi ankatiika m'thumba la diresi lake kuti akatitaye kutali. Atatha anapetanso phiko lonselo mwa kapetedwe ka amayi ake, kopendekera pang'ono kumanzere, n'kubaya singano pamalo enieni pamene iwo anaisiya.

Mumsewu mwawo munalibe amene ankawatchula amayiwo dzina la pachiphaso. Onse ankati Mayi Mpendadzuwa, chifukwa cha nsalu ya patebulo ya maluwa a mpendadzuwa, yoyamba imene anapeta ali mtsikana, yomwe anthu ankati njuchi zinkalakwitsa n'kuterapo. Amuna awo atamwalira, singano ndi imene inalera ana. Anapeta mapilo a akwati, makatani, mipango ya kwaya, timadiresi ta makanda. Pansi pa bedi lawo panali katoni yodzaza magazini a zosokasoka, amene mwezi ndi mwezi ankaonetsa ntchito ya mmisiri mmodzi ndi zithunzi za manja ake, kuti owerenga atsanzire. Iwo ankawasunga monga ena asungira zithunzi za abale.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Poyamba ankangodandaula kuti mababu a masiku ano sawala. Kenaka anayamba kupempha Mzime kuti aziwalowetsera ulusi pasingano. Dokotala atawaunika ananena kuti mitsempha ya kuseri kwa maso ikuuma, ndipo mankhwala angochedwetsa mdimawo, kuuthamangitsa ayi. Masowo ukawayang'ana anali oyera bwinobwino, koma pakati pa chilichonse chimene ankayang'ana pankakhala chimtambo. Pobwerera kuchipatala tsiku limenelo amayiwo anaseka.

"Asakuopseze dokotalayo," anatero. "Ine sindipetera maso. Zalazi zili ndi maso akeake."

Mzime naye anakhulupirira, mpaka tsiku limene anaona mpango wa mkwatibwi wina uli ndi maluwa a mfundo zokhazokha. Mwini wake ankabwera masana omwewo. Mzime anaukonza mofulumira, akudziuza kuti ndi lero lokha. Mkwatibwiyo atauona analira ndi chimwemwe, ndipo amayi anatembenukira kumene kunali mwana wawo n'kunena kuti, "Wamva? Ndinakuuza chiyani?" Nkhope yawo inawala mwakuti Mzime analephera kutsegula pakamwa. Lero lokha lija linabala mawa, mawa n'kubala mkuja, mpaka mvula inagwa, kuleka, n'kugwanso.

Amene ankadziwa anali achimwene ake okha, dalaivala wa lole amene anzake ankamutcha Hutala chifukwa cha mawu ake osatha kunong'ona.

"Nyumba ino opeta alipo awiri," ankatero akamupeza Mzime pazenera. "Wina amapeta ndi singano, wina amapeta ngati wa lichero, kuchotsa mankhusu."

"Tsitsani mawu, achimwene."

"Ndatsitsatu pamenepa."

Foni ya mkonzi wa magazini a zosokasoka aja inabwera Loweruka lina Mzime akukonzekera kupita kuntchito kwake, kumalo ochapira zovala kumene ankasita malaya a anthu kuyambira masana mpaka madzulo. Mkonziyo anati anaona nsalu ya mbalame zitatera pawaya kunyumba kwa mnzake, ndipo anafunsafunsa mpaka atapeza nambala. Ankafuna kuika ntchito za Mayi Mpendadzuwa pamasamba apakati. Atamva kuti amayiwo maso anawavuta koma akupetabe, mawu ake anakwera ndi chidwi. Anati abwera ndi wojambula, ajambule nsaluzo, ajambulenso manja awo akupeta kuyambira pobaya poyamba mpaka pomanga ulusi.

Amayi anamvera zonse foni ili pakhutu, atayimirira chilili ngati akulankhula ndi munthu wamkulu amene ali m'chipindamo. Atamaliza anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mzime, katulutse katoni ija."

Anaisanthula ndi manja, akutchula pamtima kuti magazini iyi ndi ya maluwa a m'madzi, iyi ndi ya zilembo za pamapilo. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyang'ana manja a anthu ena," anatero. "Bambo ako ankandiseka, amvekere, udzalowamo liti iweyo m'bukumo? Akanakhalapo ndikanawatsina khutu."

Tsiku limenelo Mzime anawotcha kolala ya malaya a kasitomala. Bwana wake anamukalipira, iye osamva n'komwe. Madzulo anakumana ndi achimwene ake pageti, akutsuka matope a kunsapato.

"Tiwauze," anatero Mzime.

"Auze."

"Auzeni ndinu, ndinu wamkulu."

"Ine ndine dalaivala, mlongo wanga. Ndikaona phompho ndimadziwa giya imodzi yokha, yobwerera m'mbuyo." Anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Anapukuta manja pathalauza. "Kapena uimbire mkonziyo, unene kuti adwala."

"Ndiye ndiwauze kuti chiyani iwowo? Kuti anthu aja asintha maganizo? Afa nazotu zimenezo."

"Nanga ukawauza zoona sakufa nazo?"

M'nyumba munkamveka amayi akuimba chapansipansi, nyimbo imene anaisiya kalekale.

Mzime anayesa kuwauza. Anayesa akuwapesa tsitsi, anayesa akuwadontheza mankhwala, nkhope yawo ili chagada m'manja mwake ngati ya mwana. Nthawi iliyonse mawu ankafika pakhosi n'kukhota. Ankadzifunsa kuti wakhala akuteteza ndani miyezi yonseyi, amayi ake kapena iye mwini, amene sankafuna kukhala m'nyumba imodzi ndi chisoni chawo. Yankho sankalifuna. Ankangoti mwina patsikulo zala ziwakumbukira, mwina wojambula adzafuna kubaya kuwiri kokha. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Alendo anafika m'mawa wa tsiku lamitambo. Mkonzi anali mayi wamtali wa magalasi olendewera pachingwe, waulemu, wolankhula modekha. Wojambula anali bambo wandevu zaimvi, wosalankhulalankhula. Anasuntha tebulo, anatseka katani imodzi, anaimika nyali ziwiri zazikulu mwakuti pabalaza panawala ngati m'sitolo. Amayi anavala diresi lawo labuluu la kolala yoyera. Hutala anapempha tchuthi, ndipo anaima pakhomo atavala tayi imene inkamukanyanga pakhosi.

Anayamba ndi nsalu zomaliza kale. Mkonzi anavala magalasi, n'kuweramira pa nsalu ina ya mbalame.

"Amayi, ine ndaona ntchito zambiri," anatero, "koma nthenga izi zikuchita ngati ziuluka. Zoona simukuona mzerewu?"

"Ndimaona m'mbalimu mokha, mwananga. Pakatipa ndi utsi. Koma dzanja likayenda njira imodzi zaka zonsezi, silifunsanso kuti kwathu n'kuti."

Mkonzi analemba mawuwo mwachangu. Mzime anali kumbuyo kwa mpando, atagwira chotsamira ndi manja onse awiri.

Kenaka wojambula anatulutsa nsalu yatsopano yoyera, yojambulidwa kale tsamba limodzi ndi pensulo, n'kuikunga pamkombero. Mzime analowetsa ulusi pasingano, anaika chala cha amayi ake pamene tsinde la tsambalo linkayambira, n'kubwerera m'mbuyo.

Amayi anayamba. Manja awo anali okongola kuwaona, achangu, osakayika, singano ikulowa ndi kutuluka ngati ikupuma. Ankapeta akufotokoza kuti ulusi suyenera kukokedwa ngati ukukangana nawo, kuti umaugoneka ngati khanda. Kamera inkalira. Kubaya koyamba kunagwera pamzere, kwachiwiri pambali pang'ono. Pofika pakati pa tsamba ulusi unali utasiya mzerewo kutali, ukupita kokhakokha, ukubwerera, ukudzikwera. Iwo ankangopitiriza, akumwetulira.

Kulira kwa kamera kunayamba kutalikirana, kenaka kunaleka. Wojambula anayang'ana mkonzi. Mkonzi anayang'ana nsalu ya mbalame ija, anayang'ana mkombero, kenaka anakweza maso kwa Mzime.

"Bwanji mwasiya?" anafunsa amayi. "Ndikufulumira?"

"Ayi, amayi," anayankha wojambula mwaulemu. "Mwangotuluka mumzere pang'ono. Tiyambirenso."

"Ndatuluka?"

Anafuna kukweza mkombero kuti aupendeketse kumbali kwa diso kumene kunkaonabe, koma mkomberowo unakana. Unakoka diresi. Anali atasokerera nsaluyo pamodzi ndi diresi lawo labuluu, pabondo, osati kamodzi kokha.

"Aaa, imeneyo ndiye sitayilo yatsopano!" anafuula Hutala pakhomo. "Mayi mkonzi, lembani, anthu azivala tebulo lonse!"

Palibe anaseka. Mzime anagwada n'kudula ulusiwo ndi kasizasi kake, ndipo anachita mwachangu kwambiri, mozolowera kwambiri. Amayi anamva mmene sizasiyo inkayendera. Anayendetsa zala pa tsamba limene anapeta lija, pang'onopang'ono, kuchokera kutsinde mpaka kumene linathera. Kenaka anatambasula dzanja patebulo, anapeza nsalu ya mbalame, nayonso n'kuiyendetsa zala. Anabwerera pa tsamba. Anabwereranso pa mbalame.

"Mwina ndi nyalizi," anatero mkonzi mofewa. "Zimasokoneza anthu ambiri. Tikhoza kubweranso tsiku lina."

"Si nyali," anatero amayi.

Mawu awo anali osalala ngati akuwerenga chikwangwani. Sanatembenuke.

"Mzime, khala apa."

"Amayi..."

"Ndati khala apa. Anthuwa achokera kutali." Anaimirira, anapapasa chotsamira, n'kumusiyira mpando. "Bambo, jambulani manja awa. Ndi amene mwadzera."

Mzime anakhala. Wojambula anakunga nsalu ina. Pansi pa nyali zija manja ake anaoneka achilendo, okhala ndi zipsera za simbi m'mbali mwa zala. Anapeta tsambalo misozi ikugwera pachifuwa, akusamala kuti isadonthere pansalu. Amayi ake anaima pambali pake nthawi yonseyo, manja atawapinda kumbuyo, akuyang'ana khoma. Kamodzi kokha ananena kuti, "Usakoke," chifukwa anamva ulusi ukulira.

Potsanzika mkonzi anamukokera Mzime panja. Anati sakufuna kuchititsa munthu manyazi, ndipo ngati banja lifuna, nkhaniyo ikhoza kungosiyidwa. Mzime asanayankhe, mawu a amayi anachokera pazenera.

"Itulutseni. Ntchitoyo ndi yabwino. Ilibe mlandu."

Galimoto itapita, Hutala anamasula tayi n'kunena kuti akukaona ngati lole ili bwino, ngakhale kuti lole inali kugalaja. Amayi anakhala patebulo.

"Bweretsa zonse. Za m'kabati, za m'sutikesi, zonse."

Mzime anaunjika nsaluzo patsogolo pawo. Iwo ankatenga imodzi, kuitembenuza kuseri, n'kuyendetsa nsonga za zala m'mbali mwa ulusi. Nsalu yobayidwa kawiri imafewa, imasiya timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo zala zawo zinkatipeza timeneti mosavuta tsopano popeza zinkadziwa chofuna. Zoterozo ankaziika kumanja. Zimene sanapezemo kanthu ankaziika kumanzere. Mulu wa kumanja unakula mpaka unayamba kugwa. Kumanzere kunali zakale zokhazokha, za nthawi imene maso anali maso.

"Kuyambira pa mpango wa mkwatibwi uja," anatero Mzime asanafunsidwe.

"Uja analira uja?"

"Eya."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye masana onse aja ndimakhala pakhondepo, anthu akudutsa, akundipatsa moni, ine ndikuwononga nsalu. Iwe m'mawa n'kumachapa matewera."

"Sizinali choncho, amayi."

"Zinali bwanji?"

"Ndimafuna musamve kuwawa."

"Achimwene ako amadziwa?"

Mzime anawerama n'kutola nsalu imene inagwa pamulu.

"Ndiye munkandionera limodzi." Anasalaza nsalu imene inali pamwamba pa mulu. "Sindikuti unandida, mwana wanga. Ndikudziwa kuti sunandide. Koma ukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanalira chaka chatha. Pano bwenzi nditatha kulira, nditapeza china chochita ndi manjawa kuwala kukadalipo pang'ono. Wandisungira maliro anga mpaka afikira pamaso pa alendo."

Mzime anagwada n'kuika mutu pamiyendo yawo. Amayi sanamukankhe, koma sanamugwirenso. Manja awo anangokhala patebulo.

Kuyambira tsiku limenelo sanakhudzenso singano. Sanakalipe, sananyanyale chakudya, mankhwala ankalandira. Ankayankha akafunsidwa. Koma masana ankakhala pakhonde manja ali pamiyendo, zikhatho zitayang'ana kumwamba ngati munthu amene akudikira kuti amupatse kanthu. Odutsa akafunsa kuti ntchito ili kuti lero, ankati, "Ndapuma." Mzime anayesa kuwaikira mkombero pampando, ulusi ataulowetsa kale. Pobwera kuntchito anaupeza uli pamwamba pa kabati. Anawauza za nsalu ina ya mabowo akuluakulu imene anthu osaona amatha kupetapo pongopapasa.

"Kuti uzidzamasulanso?"

"Sindidzakhudza, amayi. Ndikulumbira."

"Ndidzadziwa bwanji?"

Funso limenelo linamutsatira Mzime mpaka kuntchito, ndipo linkamveka m'kati mwa nthunzi ya simbi. Anazindikira kuti sanawalande singano yokha. Tsopano akawauza kuti diresi lawakhala, kapena kuti kunja kwacha bwino, amayiwo ankapendeketsa mutu pang'ono ngati akuyeza mawuwo kulemera kwake. Madzi akatayika saoleka.

M'mawa nawo unasanduka wautali. Amayi akakagona, Mzime ankapezeka ataima pazenera paja wopanda chogwira. Anthu ankabwerabe ndi maoda, iye n'kumawabweza. Kupeta pamaso pa amayi ake kunali ngati kudya pamaso pa wodwala, ndipo kupeta mobisa sakanathanso.

Magazini inatuluka nyengo yozizira itayamba. Anabwera nayo ndi Hutala, ataikulunga m'pepala la pulasitiki kuti isade ndi mafuta a m'lole. Anafika akuimba, koma atakwera pakhonde n'kuona mmene amayi anakhalira, anangoipereka kwa mlongo wake n'kukhala pasitepe.

"Yabwera, amayi," anatero Mzime.

"Tsegula. Undiuze zimene zilipo. Zimene zilipo zenizeni."

Mzime anatsegula pakati. Anawauza kuti kumanzere kuli mbalame zija, tsamba lonse, mitundu yake yatuluka bwino. Kumanja kuli zithunzi zing'onozing'ono za manja akupeta tsamba, ndi mawu ofotokoza pansi pa chilichonse. Pamwamba alemba kuti ndi ntchito ya Mayi Mpendadzuwa ndi mwana wawo.

"Nkhope yanga ilipo?"

"Ilipo, pakona. Mwavala diresi labuluu lija. Mukumwetulira."

"Anandijambula ndisanadziwe."

"Eya."

"Nanga mawu aja ndinanena, a dzanja lodziwa kwawo?"

Mzime anayang'ana achimwene ake. Hutala anayang'ana kumsewu.

"Sanawalembe."

"Anachita bwino. Ndi munthu wanzeru mayi uja." Anatambasula manja. "Bweretsa kuno."

Mzime anawaikira magaziniyo pamiyendo n'kutsogolera dzanja lawo pamene panali mbalame. Amayi anayendetsa zala kuchokera pamwamba mpaka pansi, anabwerera, anafufuza m'makona, anakanda pang'ono ndi chikhadabo. Pepalalo linali losalala ndi lozizira, lofanana paliponse. Panalibe pamene phiko linkayambira, panalibe mfundo, panalibe ulusi ndi umodzi womwe woti chala n'kukodwapo.

"Ndi pamenepa?"

"Ndi pomwepo, amayi."

Anasiya dzanja lili pomwepo kwa kanthawi. Mphepo inadutsa pakhonde n'kutukula ngodya ya tsambalo, ndipo iwo anaipsinja ndi chala kuti lisatembenuke.